Amene Anatsala pa Perete

Sendererani kuno, kumeneko utsi ukulowani m'maso. Ndikuuzeni za mayi wina wa pa Thundulu, dzina lake Nankhoma, ndi zimene anapeza pabwalo limene ankasesa.

Pa Thundulu ndi pamphambano chabe. Pali magolosale angapo, chigayo, ndi msewu wafumbi umene umagawikana patatu. Koma pakati pa mphambanoyo, pafupi ndi mtengo waukulu wa m'bawa, pali chipilala cha simenti, kutalika kwake ngati munthu atakweza mkono. Pachipilalapo panalembedwa mayina asanu ndi awiri a amuna a m'deralo amene anapita kunkhondo osabwerako. Awiri oyamba ndi a nkhondo ya Chiwaya, ndipo zilembo zawo zinali zitayamba kufufutika. Anayi otsatira anakafera kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere. Dzina lomaliza, pansi penipeni, linali la Kopolo Wedisoni Kapalepale, amene anaphedwa akulondera njanji ku Mozambiki. Ameneyu ndiye anali mwamuna wa Nankhoma.

Bokosi lake linabwera lokhomakhoma, asilikali n'kulamula kuti lisatsegulidwe. Anakaliika kwawo kwa mwamunayo, kumapiri, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Nankhoma anabwerera pa Thundulu ndi kamwana kake Tereza kumsana, ndipo mandawo anangowaonanso kawiri. Kwa iye manda anali chipilala chija, poti nyumba yake inali pomwepo, kungodumpha msewu. Panalibe anamutuma, koma kwa zaka zoposa makumi atatu ankasesa bwalolo m'mawa uliwonse, kuzula udzu, ndi kupaka laimu miyala yozungulira Novembala akamayandikira.

Chaka chilichonse mwezi umenewo, asilikali opuma a m'deralo ankasonkhana pachipilalapo atavala majekete awo akale ndi mamendulo. Mwambo wake sunkasintha. Mkulu wawo, a Sajeni Likagwa, ankaima kutsogolo, kandodo kawo kali kukhwapa, n'kufuula kuti onse afole. Akatero ankaitana mayina asanu ndi awiri aja limodzilimodzi, monga amaitanira pa perete. Kenako Gwaza, amene kuusilikali anali woliza lipenga koma tsopano ankakonza njinga, ankaliza nyimbo yogoneka akufa. Anthu n'kukhala zii mphindi ziwiri. Gwaza n'kulizanso ina, yodzutsa. Amayi n'kuika nkhata za maluwa. Pomaliza a Sajeni ankadzaza mpweya m'chifuwa n'kukuwa liwu lachizungu lija limene limamasula perete, "Disimisi!" Madoda aja n'kutembenuka, kuponda pansi kamodzi, basi aliyense kwawo.

Chaka chimene ndikunenachi, zonse zinayenda bwino mpaka pa nkhata. A Sajeni anadzaza mpweya, pakamwa n'kutseguka, koma liwu silinatuluke. Kandodo kanagwa. Iwo anapendekeka pang'onopang'ono n'kugwera m'manja mwa Gwaza. Anthu anali piringupiringu, wina kukasaka galimoto, wina kuwakupiza ndi chipewa, ndipo ali mkati mowanyamula mvula yoyamba inafika ndi chimphepo chake. Aliyense anathawira m'makonde a magolosale. Mwambo unathera pomwepo. A Sajeni anatuluka m'chipatala ndithu, koma mbali ya kumanja inali itafa, ndipo sankathanso kuyankhula.

Choyamba kudabwitsa unali udzu.

Mvula itagwa milungu iwiri, bwalo lonse linamera msipu monga mwa masiku onse. Koma Nankhoma atabwera ndi khasu anaona kuti kutsogolo kwa chipilala kuli timalo timene udzu sunamere. Tinali tiwiritiwiri, kutalika kwake ngati phazi la munthu, tondondozana pamzere wowongoka bwino. Anawerenga ndi chala. Tiwiritiwiri kasanu ndi kawiri.

"Kapena ndi pamene anthu anapondaponda tsiku lija," anadziuza choncho, n'kugaulapo ndi khasu kuti dothi lifewe. M'mawa mwake anapeza timalo tija tabwerera, dothi lake lotsendereka ngati pamene pakhala mtondo.

Mbuzi za pamsika nazo zinasintha. Chaka chilichonse zinkadya nkhata zija maluwa asanafote n'komwe, Nankhoma n'kumakhalira kuzithamangitsa. Chaka chimenechi zinkafika pamiyala yoyera ija, kuima, kuimika makutu, kenako n'kuzungulira. Nkhata zinauma zokha pamalo pake.

Kenako burashi ya nsapato inasowa. Inali ya malemu mwamuna wake, ndipo inkakhala pansi pa sutikesi imene sinkatsegulidwa wamba. Nankhoma anaifuna nyumba yonse. Patapita masiku atatu anaipeza patsinde pa m'bawa, ubweya wake uli noninoni ndi polishi wakuda wosauma. Anainunkhiza, n'kuyang'ana uku ndi uku. M'nyumba mwake munalibe polishi chichokereni Tereza kupita kubanja.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, bambo wina wa kabaza anaima pakhomo pake kupempha madzi akumwa. Sanali wa pa Thundulu, anali atangotsitsa munthu kuchigayo.

"Mayi, kodi kuno kukubwera bwana wamkulu?" anafunsa bamboyo atamwa pang'ono.

"Bwana wanji?"

"Si ndaona asilikali afola apo? Komatu zovala zake zosiyanasiyana. Ena makabudula, zipewa zake sindinazionepo. Wakumapeto uja wandiitana osatembenuza n'komwe mutu. Akuti, 'Achimwene, a Sajeni simunakumane nawo m'njiramu?' Ine ndati sindikuwadziwa."

Nankhoma anasuzumira kuseri kwa bamboyo. Pabwalo panalibe munthu, koma chipilala ndi mthunzi wa m'bawa basi. Bamboyo naye anacheuka. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaika kapu pansi madzi ali theka, n'kukwera njinga yake osatsanzika.

Wina akanamanga katundu tsiku lomwelo kupita kwa mwana wake kutauni. Nankhoma sanali wotero. Kuyambira ali mtsikana anali munthu wofuna kuona mkati mwa chinthu, moti anamenyedwapo chifukwa chomasula wailesi ya amalume ake kuti aone amene akuyankhulamo. Mantha anali nawo, inde, koma chidwi chinawaposa.

M'mawa mwake, anthu asanayambe kudutsa, anatenga phulusa lodzaza lichero n'kukaima pamzere paja. Anayamba kuliwaza pang'onopang'ono monga amawazira ufa mumphika. Phulusa linkagwa n'kuyeretsa pansi ponse, koma pa timalo tija silinkafika. Linkatsetsereka m'mbali ngati lagunda chinthu, n'kusiya chithunzi chake pansi. Awiri oyamba anali mapazi opanda nsapato, zala zake zotambasuka. Otsatirawo anali majombo. Nankhoma anayenda cham'mbali akuwaza, mpaka anafika kumapeto kwa mzere.

Jombo ya kumanja inaloza kutsogolo bwinobwino. Ya kumanzere inapatukira kunja pang'ono.

Lichero linamupulumuka. Wedisoni anathyokapo mwendo wa kumanzere ali mwana, atagwa mumtengo wa mango, ndipo phazi limenelo linkapatuka choncho moyo wake wonse. Kuusilikali anamukalipira nalo mpaka anatopa naye.

Nankhoma anakhala pansi pomwepo, paphulusa. Sanalire. Anangoyang'ana mmwamba pang'ono, pamene nkhope ya munthu woimirira ingakhale, n'kunena chapansipansi, "Bambo a Tereza, ndinu kodi?"

Anangomva kakutsokomola kakang'ono, kapakhosi, kamene mwamuna wake ankachita akamabisa kuseka pamaso pa akuluakulu.

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likapendeka, Nankhoma ankatenga kampando kake n'kukakhala kumapeto kwa mzere uja, akusenda mtedza kapena kusoka. Anthu odutsa ankangoti mayiyu akupuma pamthunzi. Koma iye ankayankhula. Anafotokoza zonse za zaka makumi atatu: kuti Tereza anaphunzira unamwino, kuti anakwatiwa ndi munthu waulemu koma wokonda mpira mopitirira, kuti zidzukulu zilipo zitatu ndipo wachiwiriyo makutu ndi a agogo ake enieni. Anafotokoza za maliro a apongozi ake, za chaka cha njala, za malata amene anafolera nyumba. Ankafunsanso mafunso, poti anali nawo ambiri. Kodi kumene muliko kumazizira? Kodi anzanuwa mumamvana chiyankhulo? Kodi m'bokosi muja munalidi inu? Sankayankhidwa. Koma nthawi zina, akanena chinthu choseketsa, kakutsokomola kaja kankamveka, ndipo tsiku limenelo ankagona mtima uli mbee.

Dzinja linatha, anthu anakolola, kuzizira kwa Juni kunabwera n'kupita. Amayi a kumpingo anayamba kunong'onezana kuti Nankhoma wanenepa, wayamba kuvala zitenje zimene ankasungira maukwati, kaya wapeza ndani paukalamba uno.

Mwezi wa Seputembala, Gwaza anabwera. Anatsamiritsa njinga yake pa m'bawa, n'kuima kunja kwa miyala yoyera, chipewa chili m'manja. Anayang'ana mzere uja kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Timalo tija tsopano tinali titalowa pansi ngati chala chimodzi.

"Anankhoma," anatero, "mwakhala mukudziwa."

"Kudziwa chiyani, a Gwaza?"

"Musandizembe. Lipenga langa limakhala pamsomali kuchipinda. Chiyambire Novembala, m'bandakucha uliwonse limalira lokha. Osati mokweza ayi, kungong'ung'udza ngati njuchi yalowamo. Ndinalitsuka, ndinalitseka ndi sanza, ndinaliika m'thumba la chimanga. Likulirabe. Mkazi wanga wasamukira kukhitchini." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Ndakhala ndikuganiza, ndipo dzulo m'pamene ndazindikira. A Sajeni anawaitana mayina, iwo anabwera n'kufola. Ine ndinawadzutsa ndi lipenga. Koma palibe anawamasula. Zaka zonsezi ankabwera ndi kupita ife osadziwa. Ulendo uno tinathawa mvula n'kuwasiya ali chiimire."

"Ndiye akulakwira ndani?" anafunsa Nankhoma, maso ali pa mtedza umene ankasenda.

"Sakulakwira munthu. Koma msilikali sachoka pamzere asanauzidwe. Angathe kuima pamenepa mpaka chipilalachi chitagwa. Tiyenera kuwamasula."

Nankhoma anaika lichero pambali.

"A Gwaza, ine anandipatsa bokosi lokhoma. Sindinaone nkhope, sindinagwire dzanja. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Zaka zonsezi ndakhala ndikusesa dzina. Lero ndikudziwa pamene aima, ndikudziwa kuti akundimva, ndiye inu mukuti ndiwathamangitse?"

"Sindikuti muwathamangitse, mayi."

"Dikirani Novembala. Si miyezi iwiri yokha? Mwambo ukadzafika mudzachita zanuzo. Ndisiyireni miyezi iwiri."

Gwaza anavala chipewa chake.

"Inu simunaimepo pa perete, Anankhoma. Ine ndinaimapo maola anayi tikudikira mlendo wina amene anachedwa. Maola anayi okha. Mpaka lero ndimawalota."

Anakwera njinga yake n'kumapita. Nankhoma anayang'ana kumapeto kwa mzere n'kuseka pang'ono. "Mwawamva anzanuwo?" anatero. Koma tsiku limenelo kakutsokomola kaja sikanamveke.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Inu mukulidziwa dzuwa la mwezi umenewo, limene limathetsa nkhani pamsika, agalu n'kumakumba pansi pa nkhokwe. M'bawa uja mthunzi wake unkafika pamzere madzulo okha. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, malo aja ankakhala padzuwa lokhalokha, ndipo mapazi aja anali atalowa pansi mpaka munthu kuponyamo dzira osaoneka.

Tsiku lina Nankhoma anapita masana, nthawi imene sankapitako, kuti akatenge tsache limene anaiwala. Ataima pafupi anamva kupuma. Sikunali kwa munthu mmodzi. Kunali kupuma kolemera, kwapakamwa, kwa anthu angapo amene akuyesetsa kuti asamveke. Atayang'ana pansi anaona kadontho kakugwa pafumbi pakati pa majombo a kumapeto, tho! Kanauma nthawi yomweyo. Kenako kena, tho! Kumwamba kunalibe mtambo ngakhale umodzi.

Anathamangira kunyumba n'kubwera ndi ndowa ya madzi a mumtsuko ndi kapu. Anaika patsogolo pa mzere.

"Imwani, abale anga. Palibe akuona."

Anabisala kuseri kwa m'bawa kuti asawachititse manyazi. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Madzi anali momwemo, atafunda, kapu ili youma.

M'mawa mwake anabwera ndi ambulera. Anaima kumapeto kwa mzere ataikweza mmwamba, kuphimba malo opanda munthu. Ana a sukulu anaima kumuyang'ana, amayi a pachigayo anagwirana pakamwa. Iye sanasamale. Koma ambulera inali imodzi, amuna anali asanu ndi awiri, ndipo mkono wake sunkapirira ngakhale theka la ola.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, ali chiimire ndi ambulera yake, anamva kupuma kwa pambali pake kukusintha. Kunayamba kufulumira, kenako kudukiza. Mwadzidzidzi panamveka phi! Fumbi linadumpha. Patsogolo pa majombo aja panaoneka maenje awiri ozungulira, a mawondo, ndipo patsogolo pake zikhatho ziwiri.

Nankhoma anakuwa, ambulera n'kugwa.

Kenako anaona jombo ya woyandikana ndi mwamuna wake ikusuntha phazi limodzi cham'mbali. Panamveka kukhwekhwereza, ngati munthu akudzutsa thumba lolemera. Ndipo liwu lina, lokalamba, losasa, limene Nankhoma sanalimvepo, linanong'ona kuti, "Limba, Kopolo. Abwera."

Jombo ija inabwerera pamalo pake. Mzere unakhalanso zii.

Nankhoma sanatole n'komwe ambulera. Anathamanga, mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, mpango uli m'manja, mpaka pamthunzi pamene Gwaza ankamata chubu cha njinga.

"Lero," anatero akupuma mwawefuwefu. "Osati Novembala. Lero lomwe."

Gwaza anamuyang'ana kumaso. Anapukuta manja n'kukabwereka ngolo ya ng'ombe kwa mwini chigayo.

A Sajeni Likagwa ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, Lonesi, kumudzi wa kuseri kwa dambo. Anawapeza atakhala pampando wa ndalema pakhonde, dzanja lakufa lili pamwendo, malovu akuwapukuta ndi lamanzere. Lonesi atamva chimene abwerera anakana.

"Bambo anga akudwala. Mukufuna mukawagwetsenso pomwe paja? Ndiponso akanena chiyani, poti ngakhale dzina langa satha kulitchula?"

Nankhoma sanalimbane naye. Anagwada patsogolo pa nkhalambayo n'kufotokoza zonse, za udzu, za phulusa, za munthu wa kabaza, za mawondo aja. Pomaliza anati, "A Gwaza anandiuza mwezi watha, ine ndinakana. Ndine ndawaimika padzuwa, bambo. Akuti mubwera. Akudikira inu."

Diso limodzi la a Sajeni linatseguka kwambiri. Anayamba kumenya mpando ndi dzanja lamanzere, pha, pha, pha, akuloza m'nyumba.

"Mukufuna madzi, bambo?" anafunsa Lonesi.

Anapukusa mutu mwaukali n'kudzigwira pachifuwa, pamene pamakhala mamendulo. Lonesi anayang'ana bambo ake, anayang'ana alendowo, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi jekete lija ndi kandodo.

Anafika pa Thundulu dzuwa litafiira koma lisanalowe. Mbiri inali itawanda kale, poti anthu anaona Nankhoma akuthamanga. M'makonde a magolosale munali anthu, chigayo chinazimitsidwa, ndipo panalibe amene anayandikira miyala yoyera ija.

Gwaza ndi Lonesi anatsitsa a Sajeni n'kuwaimika patsogolo pa chipilala, wina mbali ino wina mbali inayo. Nkhalambayo itangowongola msana, pamzere paja panamveka gu! Mapazi onse pamodzi. Fumbi linakwera mpaka m'mawondo. M'makonde muja amayi ena anakuwa, mwana wina n'kuyamba kulira.

A Sajeni anadzaza mpweya. Mitsempha ya m'khosi inatuluka. Chimene chinamveka chinali kubuula chabe, kopanda mutu. Anayesanso. Anayesa kachitatu, mpaka thupi lonse linanjenjemera, misozi n'kutsika mbali imodzi ya nkhope.

"Ndiyese ine," anatero Gwaza. Anaima njo n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse, "Disimisi!"

Liwu linagunda khoma la chigayo n'kubwerera. Pamzere sipanasunthe kanthu. Kupuma kuja kunkamvekabe.

"Sakundimvera," anatero Gwaza motsitsa. "Ine ndinali wa lipenga basi. Perete si wanga."

Pamenepo a Sajeni anasolola kandodo kukhwapa kwawo ndi dzanja lamanzere n'kukatambasula. Gwaza anatambasula dzanja kuti alandire, koma nkhalambayo inakabweza n'kupukusa mutu. Inaloza Nankhoma.

"Ine?" anatero Nankhoma. "Ine si msilikali, bambo."

A Sajeni anangokagwedeza kandodoko, diso lili pa iye.

"Landirani," anatero Gwaza. "Amene wapatsidwa ndodo ndiye mwini perete. Ndiponso pano palibe wina amene wawasamala kuposa inu."

Nankhoma analandira ndi manja awiri. Kanali kopepuka, kosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri. Anakapana kukhwapa monga ankaonera. Koma sanakuwe nthawi yomweyo. Anapita koyambira mzere, pa mapazi opanda nsapato aja, n'kuwerama pang'ono.

"A Mataka Bwanali," anatero, poti mayina onse ankawadziwa pamtima. "Munachoka kuno ife tisanabadwe. Zikomo. Mwaima mokwanira."

Anasuntha phazi limodzi. "A Jemusi Nkhwazi. Zikomo. Mwaima mokwanira."

Anayenda choncho mmodzimmodzi, dzina ndi dzina, osafulumira. Amuna amene anali m'makonde anayamba kuvula zipewa. Pa wachisanu ndi chimodzi anawonjeza kuti, "Ndinakumvani masana aja. Mulungu akudalitseni."

Atafika kumapeto anaima nthawi yaitali. Anthu sanamve zimene ananena, poti ananong'ona. Lonesi yekha, amene anali pafupi, ndiye anamva mawu omaliza: "Ndinkafuna ndikuuzeni zambiri, koma zatsalazo n'zazing'ono. Mundikhululukire dzuwali."

Anabwerera kutsogolo, pambali pa a Sajeni. Anatsegula pakamwa, liwu n'kutuluka lopyapyala ngati la mwana. Anadzaza mpweya mpaka nthiti kuwawa, ndipo ulendo uno anakuwa moti mbalame zinabalalika mu m'bawa.

"Disimisi!"

Tswee, mapazi anatembenuka. Gu! anaponda kamodzi.

Kenako, abale anga, panamveka chinthu chimene anthu a pa Thundulu amakambabe. Kunali kupuma kumodzi kwakukulu, kwa anthu amene atula katundu. Wina anaseka. Wina anayamba kuimba mluzu, kanyimbo kosadziwika. Fumbi linayamba kudumphadumpha m'misewu itatu ija, awiri kulowera uku, atatu uko, wina yekha kudutsa pakati pa chigayo ndi golosale pamene kale panali njira. Opanda nsapato aja ankathamanga. Anthu anapatuka okha kuwapatsa njira, ngakhale panalibe chooneka.

Mapazi amodzi okha ndiwo sanalowere msewu uliwonse. Anaima kaye. Kenako anayamba kuyenda mwapang'onopang'ono, mokoka mwendo, n'kudumpha msewu kulunjika kunyumba ya Nankhoma.

Nankhoma anapereka kandodo kwa Lonesi n'kutsatira. Panalibe amene anamutsatira iye.

Pakhonde pake panali benchi lathabwa. Atafika analimva likulira, kwee, ngati pakhala munthu wolemera. Anaima patali pang'ono, manja atagwira pachifuwa. Anamva zingwe zikusololedwa m'mabowo, imodzi ndi imodzi. Kenako phi! jombo inagwa pansi. Panapita nthawi. Phi! inzake.

"Mwatopa, bambo a Tereza," anatero. "Khalani pang'ono."

Ndipo anakhaladi. Nankhoma anakhala kumapeto kwina kwa benchilo, osafunsa funso ngakhale limodzi. Anakhala choncho awiriwo mpaka dzuwa linagunda nsonga za mitengo. Pamenepo benchi linaliranso, kwee, n'kupepuka.

Pafumbi la pabwalo pake panayamba kuoneka mapazi opanda nsapato, limodzi, kenako lina, kulowera njira ya kumapiri. Sankafulumira. Nankhoma anaimirira n'kuwaperekeza mpaka pampanda, monga amaperekezera mlendo, ndipo anaima pamenepo akuyang'ana fumbi likudumpha pang'onopang'ono mpaka pokhota.

Gwaza anafika mwakachetechete n'kuima kunja kwa mpanda.

"Apita?" anafunsa.

"Apita," anatero Nankhoma, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Avula majombo. Akuyenda ngati munthu wopita kudimba kwake."